Mukufuna njinga yothamanga yabwinoko koma ndalama n'zochepa: njira zinayi

Munthu akapalasa njinga yake yoyamba chaka chimodzi kapena ziwiri, amadziwa pomwe ikumupweteka. Wina ndi pa chitunda, magiya kutha phiri lisanathe. Wina ndi m'khosi ndi m'manja, akangodutsa makilomita 60. Wina ndi mabuleki, omwe mvula ikagwa amangolira njinga osaima. Zomwe ndalemba pano ndi za munthu wotero: njinga ya pamsewu wa tala, ya mahandulo opindikira pansi ija, ali nayo kale, akufuna yabwinoko, koma m'thumba mulibe zoti n'kugulira za akatswiri a mpikisano wa Tour de France.

Zoyezera zake

Choyamba ndi saizi, ndipo ichi sindichiika pa sikelo limodzi ndi zinazo, chifukwa njinga yosakukwanani ndi yodula ngakhale mutapatsidwa ulere. Nambala yolembedwa pa felemu, kaya 54 kaya M, isakunamizeni, poti 54 wa kampani ina si 54 wa inzake. Funsani manambala awiri omwe makampani amalemba pa tchati cha miyeso: stack, kutalika kwa felemu kuchokera pakati pomwe pamazungulira mapedulo kukwera kufika pakhosi pa njinga, ndi reach, kutalika kwake kuchokera pamalo omwewo kupita kutsogolo. Yezani njinga yanu yapano. Ngati imakuwawitsani msana, mukufuna stack yokwererapo kapena reach yofupikirapo, basi.

Zinayi zotsalazo ndi zomwe ndiyezere njira iliyonse: mtengo wonse mpaka njinga ilowe mumsewu, kupezeka kwa njingayo ndi zipangizo zake, kasamalidwe, ndi zomwe zingakugwereni.

Kulemera kwa njinga sindinakuwerengere, mwadala. Bungwe loyendetsa mipikisano la UCI linalamula mu 2000 kuti njinga ya mpikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, pamene yotsika mtengo imalemera cha m'ma 10. Kumva choncho kusiyana kwake kumaoneka kwakukulu. Koma pa chitunda simukweza njinga yokha, mumadzikwezanso nokha. Munthu wa makilogalamu 72 pa njinga ya 10 akukweza 82, ndiye kuchotsapo kilogalamu imodzi n'kuchotsa gawo limodzi mwa 82. Pamalo osalala ndiye mdani ndi mphepo, ndipo gawo lalikulu la mphepoyo limawomba thupi lanu, osati felemu.

Mudziwenso makwerero a zipangizo za magiya ndi mabuleki, poti ogulitsa amayankhula za izi kwambiri. Kwa kampani ya Shimano, kuyambira pansi: Claris ya masipuloketi 8 kumbuyo, Sora ya 9, Tiagra ya 10, kenako 105 ya 11 kapena 12, Ultegra, ndi Dura-Ace pamwamba. Kampani ina, SRAM, ili ndi Apex, Rival, Force ndi Red. Masipuloketi akamachuluka, tcheni chimaonda ndipo mtengo wake umakwera. Kuchuluka kwa magiya sikutanthauza kuti njinga ikwera phiri mosavuta. Chomwe chimakweza phiri ndi mano: 34 kutsogolo ndi 32 kapena 34 kumbuyo zidzakufikitsani pamwamba muli pachishalo, kaya ndi Claris kaya ndi Ultegra.

Njira yoyamba: yatsopano ya aluminiyamu

Izi ndi monga Giant Contend, Specialized Allez, Trek Domane AL kapena Triban za Decathlon. Felemu ndi ya aluminiyamu, foloko nthawi zambiri ya kaboni, magiya a Claris, Sora kapena Tiagra.

Mtengo. Umaonekeratu, koma si wonse. Njinga zambiri zamtunduwu zimabwera zopanda mapedulo kapena ndi apulasitiki ongoyesera. Ndipo kuti mtengo utsike, kampani imadula pomwe maso a wogula safika: mawilo olemera ndi matayala olimba ngati chikopa chouma. Siyani kandalama kogulira matayala abwino tsiku lomwelo.

Kupezeka. Apa ndi pomwe njirayi imapambana. Masaizi onse alipo, mutha kukwera awiri n'kuyerekeza, ndipo sitolo yabwino imakusinthirani stem, kachitsulo kogwira mahandulo kaja, ngati yatalika. Pamene makampani akutulutsa mitundu ya chaka chatsopano, ya chaka chatha imatsika mtengo, chonsecho kawirikawiri chasintha ndi penti yokha.

Kasamalidwe. Tcheni cha magiya 8 kapena 9 n'chotchipa, ndipo makaniko aliyense amachidziwa. Chofunika kuchiganizira ndi mabuleki. Pa mtengo uwu mupeza mabuleki a disc, ogwira kambale kachitsulo pakati pa wilo m'malo mwa rimu, okoka ndi waya, osati amafuta. Ambiri mwa iwo amakankha mbali imodzi yokha, ndiye ma pad, tizidutswa tofinya kambaleko, akamadyeka mumayenera kumawasendeza pafupipafupi, apo ayi chogwirira chimafika pa mahandulo njinga ikuyendabe. Ena monga TRP Spyre amakankha mbali zonse ziwiri ndipo savuta kwambiri. Phindu lenileni la disc pa njinga zotere, kwa ine, si kuima msanga ayi, koma malo a matayala: zambiri zimalola a mamilimita 32 kapena kuposa, ndipo tayala lotakata lopopa pang'ono ndi lomwe limachotsa kugwedeza kwa msewu wokumbika.

Onaninso momwe mawaya akuyendera. Masiku ano afika powalowetsa m'khosi mwa felemu kuti njinga izioneka yosalala. Kukongola kulipo, koma tsiku losintha ma bearing a pakhosipo, ntchito ya mphindi 20 imasanduka yomasula mawaya onse.

Zomwe zingakugwereni. Zochepa. Makampani akuluakulu amapereka waranti ya felemu, ngakhale kawirikawiri imakhala ya wogula woyamba yekha, choncho sungani lisiti. Vuto lalikulu ndi kugula njinga yomwe muli nayo kale m'penti ina. Ngati yanu ili ndi Claris ndipo yatsopanoyo ili ndi Sora, mwalipira ndalama zonsezo kugula sipuloketi imodzi.

Njira yachiwiri: yogula kwa munthu, ya mabuleki a pa rimu

Apa ndikhalitsa, chifukwa ndi pomwe pali phindu lalikulu komanso misampha yambiri.

UCI itavomereza mabuleki a disc m'mipikisano ya pamsewu mu 2018, makampani ndi okwera ambiri anasamukira komweko. Zotsatira zake n'zakuti njinga zabwino zedi za mabuleki a pa rimu, zina za 105, zina za Ultegra, zikugulitsidwa ndi eni ake si chifukwa chakuti zatha, koma chifukwa zachoka m'fashoni.

Mtengo. Pa ndalama zomwe mukanagulira yatsopano ya Sora, kuno mutha kupeza ya magiya 11, yopepukirapo, ya mawilo abwinoko. Koma musathere zonse kwa wogulitsa. Muziganiza kuti tcheni, cassette (mulu wa masipuloketi akumbuyo), mawaya, malabala a mabuleki ndi tepi ya mahandulo mugula zatsopano, ndipo ngati zina zipezeka zili bwino, amenewo ndi mwayi chabe.

Kupezeka. Kumadalira kudekha. Saizi yanu ikhoza kutenga miyezi osaoneka, ndipo apa ndi pomwe anthu amagwa: waona njinga yokongola, yotchipa, yokulirapo pang'ono, n'kudziuza kuti ndizolowera. Simuzolowera. Zipangizo za magiya 10 ndi 11 za Shimano zikupezekabe mosavuta, malabala a mabuleki nawonso. Zomwe zikuchepa pang'onopang'ono ndi mawilo atsopano apamwamba a mtunduwu. Samalaninso ndi zipangizo zomwe zimakwana felemu imodzi yokha, monga chogwira chishalo chosazungulira bwino ngati paipi wamba, kapena kachitsulo kopachikapo derailleur yakumbuyo, chipangizo chosamutsa tcheni posintha magiya. Kachitsulo aka anakapanga dala kuti kazipindika njinga ikagwa, felemu ipulumuke, ndipo pafupifupi felemu iliyonse yakale ili ndi kakekake. Musanalipire, fufuzani ngati kapadera kakugulitsidwabe.

Kasamalidwe. Palibe njinga yosavuta kuisamalira kunyumba kuposa iyi. Mabuleki mumawakonza ndi ma Allen key awiri. Funsani za bottom bracket, pomwe pamazungulira mapedulo: ya mazinga, yomanga ngati bawuti, mumaisintha nokha ndi sipanala yake, yokhomera, monga BB30 kapena PF30, imafuna zida zapadera ndipo ina imayamba kulira kwee kwee mukamaponda mwamphamvu. Magiya nawo muwaone. Njinga zakale za mpikisano zinkabwera ndi mano 53 ndi 39 kutsogolo, 25 kumbuyo. Amenewo ndi magiya a miyendo ya akatswiri, ndipo kuwasintha kuti afike pa 50 ndi 34 nthawi zina n'kugulanso crank, mikono yomangapo mapedulo pamodzi ndi masipuloketi akutsogolo.

Zomwe zingakugwereni. Ndinaziphunzira movutikira. Njinga yanga yachiwiri ndinakaiona madzulo, dzuwa likulowa, wogulitsa ali pachangu. Ndinaizunguza, ndinasintha magiya onse, zonse zili myaa. Rimu sindinaikhudze. Patatha milungu ingapo ndikupopa wilo lakumbuyo pakhonde, kunangomveka phuu, khoma la rimu litang'ambika kutalika ngati chala, chubu chili panja. Mabuleki anali atadya aluminiyamu mpaka kutsala ngati pepala. Zikanachitika pa mtsetse, bwenzi tikukamba zina.

Ndiye mukapita kokaona njinga, pitani masana, mutenge tochi ndi rula. Gonekani m'mphepete mwa rula pakhoma la rimu pomwe pamagwira buleki: ngati pakati pakuoneka kuwala, khomalo lakumbika, mawilowo ndi otha. Marimu ena ali ndi kadzenje kapena kamzere kosonyeza kudyeka, ndipo kakafufutika ndiye kuti nthawi yakwana. Kokani tcheni kutsogolo kwa sipuloketi yaikulu ya pa mapedulo. Chikanyamuka mpaka mano kuonekera, chatalika, ndipo mwina chadya kale cassette. Kachida koyezera tcheni n'kotchipa: pa magiya 11 tcheni chimasinthidwa kachidako kakasonyeza 0.5, pa magiya 8 kapena 9 mutha kudikira 0.75. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankhira njinga uku ndi uku, mumve ngati pakhosi pakugogoda. Masulani chogwira chishalo muone ngati chikutuluka, poti china chimamatirira m'felemu osasunthanso.

Ngati felemu ndi ya kaboni, onjezani kusamala. Aluminiyamu ikamenyedwa imabonyoka, mumaona. Kaboni imatha kusweka mkati kunja kuli bwinobwino. Unikani ndi tochi mozungulira pakhosi, pansi pa chishalo ndi pafupi ndi mapedulo, mufufuze mng'alu kapena malo ofewa mukadina ndi chala, ndipo pemphani kuti muvule stem muone paipi ya foloko. Wogulitsa akakana, kapena akamazemba funso loti njingayi inagwapo, bwererani. Pa ndalama zochepa, ine ndingasankhe aluminiyamu yabwino ya 105 kusiyana ndi kaboni yomwe mbiri yake sindikuidziwa.

Pali chinanso cha ma crank. Mu September 2023 Shimano inalengeza kuti ma crank ena a magiya 11 a Ultegra ndi Dura-Ace opangidwa July 2019 asanafike akayezedwe, chifukwa zigawo zake zomatidwa zimatha kulekana. Mitundu yake ndi FC-6800, FC-R8000, FC-9000, FC-R9100 ndi FC-R9100-P, ndipo nambalayo imalembedwa mkati mwa crank. A 105 sanali m'gululi. Pomaliza, nambala ya felemu, yomwe imakhala kunsi kwa bottom bracket: ngati yapalidwa kapena mwiniwake alibe chilichonse chosonyeza komwe anaigula, mwina mukugula njinga yakuba.

Njira yachitatu: kaboni yotchipa ya pa intaneti

Mtengo. Ndi womwe umakopa: felemu ya kaboni, mawilo a marimu akuya, mabuleki amafuta, zonse pa ndalama za aluminiyamu. Onjezani zotumizira, msonkho wolowetsera katundu, ndi malipiro a womanga ngati simumanga nokha. Kusiyana kumachepa.

Kupezeka. Mumaitanitsa n'kudikira, osaikwera. Apa manambala a stack ndi reach aja ndi okhawo angakupulumutseni. Zambiri zimabwera ndi mahandulo ndi stem zoumbidwa pamodzi, ndiye mukalakwitsa kutalika, mukugulanso zonse. Magiya amatha kukhala a Shimano kapena a makampani ngati L-Twoo ndi Sensah, omwe amagwira ntchito ndithu, koma chogwirira chikathyoka si sitolo iliyonse ingakhale nacho.

Kasamalidwe. Kaboni sifuna kumanga mabawuti mongoyerekeza. Pa stem pamalembedwa mphamvu yake, nthawi zambiri 5 Nm kapena pafupi pamenepo, ndipo mufunika sipanala yoyeza mphamvuyo. Mabuleki amafuta amagwira bwino kwambiri ndipo amadzisendeza okha, koma nthawi ndi nthawi amafuna kuchotsa mpweya. Musasakanize mafuta: a Shimano ndi a mineral, pamene a SRAM a pamsewu ndi a DOT.

Zomwe zingakugwereni. Sindikunyoza komwe zimapangidwa, poti mafelemu ambiri a kaboni a makampani otchuka amapangidwanso ku China ndi ku Taiwan. Nkhani ndi yakuti ndani anayeza, ndipo ndani ayankhe ikasweka. Kampani yaing'ono yokhala ndi dzina lake, yomwe imanena kuti mafelemu ake anayezedwa motsatira muyezo wa ISO 4210 ndipo imagulitsa zipangizo zapadera, n'njosiyana kutalitali ndi felemu yonamizira yomatidwa dzina la kampani yotchuka. Yonamizirayo musaiyandikire. Foloko ikathyoka, chimayamba kufika pansi ndi nkhope.

Njira yachinayi: kukonza yomwe muli nayo

Ogulitsa sangakuuzeni za njira iyi.

Mtengo. Wochepa kuposa zonse, bola mudziwe polekera. Yambani ndi matayala, chifukwa palibe chipangizo china chomwe chimasintha kayendedwe ka njinga pa ndalama zochepa chonchi. Tayala lofewa la mtundu wa Continental Grand Prix 5000, lotakata momwe felemu yanu ingalolere, limamveka pa kilomita yoyamba yomwe. Kenako malabala abwino a mabuleki, mawaya atsopano, cassette ya mano ambiri ngati vuto ndi zitunda, stem yofupikirapo ngati vuto ndi msana. Mawilo abwere pomaliza.

Kupezeka. Zonse zilipo, koma si zonse zimagwirizana. Derailleur iliyonse ili ndi malire a mano omwe ingakwere, ndiye musangogula cassette ya 34 musanaone. Tiagra 4700 ndi ya magiya 10, komabe imakoka waya mosiyana ndi ya magiya 10 yakale, choncho zogwirira zake sizigwira bwino ndi derailleur ya Tiagra yakaleyo, ya 4600. Ndipo cassette zambiri za magiya 11 sizilowa pa habu (chapakati pa wilo) yakale ya magiya 8 mpaka 10, kupatula zina monga ya mano 11 mpaka 34.

Kasamalidwe. Monga kale, koma tsopano njingayo mukuidziwa mkati ndi kunja.

Zomwe zingakugwereni. Kuthira ndalama m'chitini chobooka. Kuchoka pa magiya 8 kupita pa 11 kumafuna zogwirira, ma derailleur onse awiri, tcheni, cassette, mwinanso wilo, ndipo mukaphatikiza mupeza kuti mukanagula njinga yathunthu kwa munthu. Ganiziraninso za mawa: chishalo, mapedulo ndi matayala mudzasamuka nazo, koma mawilo a mabuleki a pa rimu sadzalowa pa njinga ya disc. Ndipo ngati felemu si saizi yanu, palibe tayala lingakonze zimenezo.

Ndiye mutenge iti?

Ngati njinga yanu imakukwanani ndipo dandaulo lanu ndi kulemera kwa kapalasidwe, kugwedeza kapena zitunda, khalani nayo. Gulani matayala ndi cassette, mupalase miyezi itatu, kenako muone ngati mtima ukufunabe ina.

Ngati mumakwera kwambiri kukakhala kouma, pamsewu wosalala, mumakonda liwiro, ndipo mumatha kugwira sipanala kapena muli ndi mnzanu wodziwa woti apite nanu kokaona, yogula kwa munthu ya 105 ndi yomwe ingakupatseni zambiri pa ndalama zanu. Matayala ake adzalekera pa mamilimita 28, zina pa 25, muvomereze zimenezo musanagule.

Wopalasa tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa, pamisewu ya zigamba, kapena amene safuna kumaganiza ngati felemu inagwapo, atenge yatsopano ya aluminiyamu ya disc. Aonetsetse kuti ili ndi timabowo tomangira zotchinga matope, ndipo ngati ndalama zingafike pa Tiagra ya mabuleki amafuta, ndi pamenepo pomwe kuwonjezera kumamveka m'manja. Chimodzimodzi munthu wamfupi kwambiri kapena wamtali kwambiri: saizi yanu kwa anthu siioneka msanga, pitani kusitolo.

Kaboni ya pa intaneti ndi ya amene wamangapo njinga ndi manja ake, amadziwa miyeso yake mpaka pa milimita, ali ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo ali ndi njinga ina yokwera pa milungu yomwe akudikira kachitsulo ka derailleur kuti kafike.